KODI WOLEMBA MSEWU WA NJINGA NDI MANAMBALA NDI WAULESI?

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukangomva mawu oti masewera a pa kompyuta nkhope zanu zimayamba kuchita tsinya. Nthawi yomweyo mumaganiza za mnyamata amene wataya mabuku ake pakona, maso ali tong'o pa galasi, kumuitana kuti adzadye nsima osamva. Sindikukutsutsani pamenepo, pakuti anyamata otere alipodi ndipo tonse timawadziwa. Koma lero ndapempha malo pa masamba ano kuti ndiikire kumbuyo kanthu kamodzi kokha mwa zonse zochitika m'masewerawa, ndiko kulemba pulogalamu imene imapanga misewu ya sewero la njinga. Kanthu kameneka kali ndi adani mbali ziwiri. Akuluakulu amati n'kutaya nthawi, pamene osewera anzanga amati ndi ulesi ndiponso chinyengo. Ine ndikuti magulu onse awiri akulakwa, ngakhale kuti gulu lachiwirili lili ndi mfundo ina imene ndidzaivomera tikafika pamenepo.

Poyamba ndifotokoze seweroli kwa amene sadalionepo. Dzina lake ndi Free Rider HD, ndipo eni ake ndi kampani yotchedwa Kano ya mumzinda wa Victoria ku Canada. Limaseweredwa pa intaneti. Pa galasi la kompyuta pamaoneka kamunthu kojambulidwa ndi timizere, kowonda ngati udzudzu, katakwera njinga ya BMX kapena yokwerera mapiri. Wosewera amagwiritsa ntchito mabatani a mivi: lina lopalasira, lina la buleki, ena awiri opendeketsera thupi kutsogolo kapena kumbuyo. Cholinga chake n'kutola nyenyezi zonse zimene zaikidwa pa msewu popanda kumenyetsa mutu pansi, pakuti ukangomenyetsa mutu, basi zako zada, uyambirenso. Chimene chimakometsa seweroli n'chakuti misewu yake imajambulidwa ndi osewera eni ake, ndipo akamaliza amaiika poyera kuti anzawo a m'maiko ena aiyese. Ganizo lotere lidatchuka ndi sewero lina lotchedwa Line Rider, limene adapanga Boštjan Čadež, wophunzira wa ku Slovenia, m'chaka cha 2006. M'menemo munthu amangojambula mzere ndipo kamnyamata kamatsetsereka pamzerepo.

Alipo anthu amene amajambula misewu imeneyi ndi dzanja, mzere umodziumodzi, pogwiritsa ntchito mouse. Ndawaona ena atajambula nkhalango yathunthu, mitengo yake ya masamba owerengeka, milatho, mapanga ndi nyumba zokhala ndi njerwa iliyonse pamalo pake. Ntchito yotere simatha tsiku limodzi. Anthu amenewa ndimawavulira chipewa, ndipo palibe chimene ndinene pano chochepetsa luso lawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwowa adadekhadi.

Tsono chinsinsi chili apa. Msewu uliwonse wa m'seweroli, kaya ndi wokongola chotani, kuseri kwake ndi mndandanda wa manambala basi. Seweroli limakulola kutulutsa msewu wako ngati malemba, otchedwa track code, ndiponso limakulola kulowetsa malemba otere kuti asanduke msewu. Malembawo amagawidwa ndi chizindikiro cha #. Chigawo choyamba ndi cha mizere yakuda, imene matayala a njinga amaponda. Chachiwiri ndi cha mizere yotuwa, yongokongoletsa, imene njinga imangoidutsa ngati utsi. Chachitatu ndi cha zinthu zapadera monga nyenyezi, imene imalembedwa ndi chilembo T, mabomba, ndi timivi towonjezera liwiro. Mzere uliwonse umalembedwa potchula madontho ake, x ndi y, monga momwe timachitira m'kope la graph, ndipo mzere ndi mzere unzake zimalekanitsidwa ndi koma. Munthu ukatsegula malo ojambulira koyamba umapeza kamzere kakafupi pamene njinga yaima, ndipo kamalembedwa motere: -18 1i 18 1i.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga 1i ndi nambala ya mtundu wanji?" Apa ndiye pamene anzanga odana ndi phunziro la number bases ayenera kukhala tcheru. Manambala a seweroli salembedwa mu base 10 yathu ya masiku onse koma mu base 32. Zizindikiro zake ndi 0 mpaka 9, kenaka zilembo kuyambira a, amene akuimira 10, mpaka v, amene akuimira 31. Choncho 18 wa m'seweroli si 18 wathu uja ayi. Ndi 32 mmodzi kuphatikiza 8, ndiye kuti 40. Nayenso 1i ndi 32 mmodzi kuphatikiza i, amene ndi 18, ndiye kuti 50. Kamzere kaja tsono kakuchokera pa dontho (-40, 50) kukafika pa dontho (40, 50). Nambala 1000 imalembedwa v8, pakuti 31 kuchulukitsa ndi 32 ndi 992, ndipo pamatsala 8. Taonani, zizindikiro ziwiri zokha m'malo mwa zinayi. Msewu wokhala ndi madontho zikwizikwi ukalembedwa motere malemba ake amafupika kwambiri.

Munthu akazindikira izi, ganizo limabwera lokha. Ngati msewu ndi manambala, ndiye kuti aliyense wodziwa kupeza manambala oyenera angathe kupanga msewu osagwira mouse n'komwe. Ndipo chida chodziwa kuwerengera manambala ambirimbiri osatopa ndi kompyuta yomweyo. Ine ndidaphunzira zimenezi pa tchuthi, pa kompyuta yakale ya amalume anga, pogwiritsa ntchito chilankhulo cha Python. Chilankhulochi adachitulutsa Guido van Rossum wa ku Netherlands m'chaka cha 1991 ndipo n'chaulere. Tiyerekeze kuti ndikufuna msewu wa zitunda ndi zigwa. Ndimauza kompyuta kuti x ayambire pa 0 ndipo azikwera ndi 20 mpaka akafike pa 6000. Pa x aliyense ipeze y potenga sine wa x wogawidwa ndi 200, mu radians, n'kuchulukitsa ndi 60. Kenaka ichotse tizidutswa ta kumapeto kuti nambala ikhale yathunthu, iisandutse ya base 32, ndi kuilemba. Lamulo lobwerezabwereza lotere amalitcha loop. Mizere yosakwana 20 ya pulogalamu imatulutsa madontho 301, ndipo ukalowetsa malembawo m'seweroli umapeza zitunda pafupifupi 5 zosalala bwino, zimene dzanja langa lonjenjemerali silikadatha kujambula ngakhale nditachezera usiku wonse.

Apa ndi pamene anzanga amafuula kuti, "Waona! Kompyuta ndiyo yagwira ntchito, iwe wangokhala!" Anzanga okondedwa, tiyeni tione bwino ngati munthu angangokhaladi. Kompyuta sidziwa kuti njinga n'chiyani. Sidakwerepo chikweza, sidagwepo chadodolido. Imangochita zimene waiuza, ndipo ukaiuza zopusa imazichita mokhulupirika ndi mwamsangamsanga. Mwachitsanzo, m'kope lathu la graph y amakula tikamakwera m'mwamba, koma pa galasi la kompyuta y amakula tikamatsika pansi. Wosadziwa zimenezi amalamula phiri n'kulandira dzenje. Chinanso ndi kutsetsereka kwa msewu. Manambala aja ndatchula, 60 ndi 200, sadagwe kumwamba. Ukagawa 60 ndi 200 umapeza 0.3, ndipo kumeneko ndiko kupendekeka kwa malo ovutitsitsa pa chitunda, pafupifupi madigiri 17, amene njinga imakwera bwinobwino. Koma wina atasintha n'kuika 200 ndi 100, kupendekekako kumakhala 2, ndiye kuti madigiri opitirira 63. Chimenecho ndi chipupa. Ngakhale wakabaza wamphamvu chotani angatsike n'kuyamba kukankha. Palinso mtunda wa pakati pa dontho ndi dontho. Ukatalikitsa kwambiri, chitunda chimakhala ndi makona ngati denga la nyumba ndipo tayala limadumphadumpha. Ukafupikitsa kwambiri, madontho amachuluka mopanda phindu ndipo kompyuta yofooka imayamba kupuma wefuwefu. Zonsezi amaganiza ndi munthu.

Nkhani imafika pokoma tikafika pa kudumpha. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo msewu wopanda podumpha sukoma. Njinga ikachoka pa mlomo wa chitunda imauluka motsata mzere wokhota wotchedwa parabola, womwe uja timajambula pa phunziro la quadratic, womwenso mwala wa legeni umatsata. Buku la Physics limati pa malo athyathyathya chinthu chimagwera kutali kwambiri chikaponyedwa pa madigiri 45, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda umawirikiza kanayi. Wopanga msewu ayenera kudziwa pamene njinga ikatere, kuti aikepo potera. Koma kudziwa malo okha sikokwanira. Poterapo payenera kupendekeka mofanana ndi momwe njinga ikutsikira, kuti matayala onse awiri akhudze pansi mofewa. Ukaika malo athyathyathya pansi pa chiphompho chachitali, kamunthu kaja kamangoti khu! n'kuthyoka. Ndipo popeza mphamvu yokokera pansi ya m'seweroli ili ndi miyeso yakeyake, sungangotenga 10 wa m'buku uja n'kumukhulupirira. Uyenera kuyesa wekha: kudumphitsa njinga, kulemba pamene yatera, kusintha liwiro, kudumphitsanso, mpaka utapeza nambala yogwirizana ndi dziko la seweroli. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi zimene timachita mu labotale?

Ndiloleni ndikhalitse pang'ono pa chinthu china chimene chidandisangalatsa koposa, ndicho msewu wozungulira ngati mkombero wa njinga, umene wokwera amafika poyenda mutu uli pansi. Kulemba bwalo lenileni n'kosavuta: x ndi cosine, y ndi sine, kuchulukitsa ndi kukula kwa bwalolo. Koma bwalo lenileni ndi lankhanza kwa wokwera. Munthu akuchokera pa msewu wowongoka, mwadzidzidzi wapezeka pa ngodya yokhota, ali pa liwiro lalikulu. Thupi limakanikizika pansi nthawi imodzi. Vuto limeneli lidaoneka kale kunja kwa kompyuta. Ku America kuli tisitima tosangalatsa anthu totchedwa roller coaster. M'chaka cha 1895 ku Coney Island, mu New York, adatsegula kena kotchedwa Flip Flap Railway kamene njanji yake inali bwalo lenileni, ndipo okwera ankatsika makosi akuwawa. Yankho lake lidapezeka mu mzere wina wotchedwa clothoid, umene katswiri wa masamu Leonhard Euler adaufufuza kalekale. Mzerewu umayamba kukhota pang'onopang'ono, n'kumawonjezera kukhotako ukamapita. Injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, adaugwiritsa ntchito pa njanji yotchedwa Revolution imene idatsegulidwa ku California mu 1976, ndipo n'chifukwa chake njanji zotere masiku ano zimaoneka ngati dontho la msozi lozondoka. Opanga misewu ya galimoto ndi njanji za sitima amagwiritsanso ntchito mzere womwewu polowa pa ngodya, kuti dalaivala azipotoza chiwongolero pang'onopang'ono. Tsono mnyamata wa Fomu 3 amene akuvutika kuti kanjinga kake kazungulire osagwa akulimbana ndi funso lomwelo limene mainjiniya amalipidwa nalo. Ndipo mu pulogalamu yankho lake ndi lalifupi modabwitsa: pa sitepe iliyonse uwonjezere pang'ono kukhota kwa msewu mpaka pamwamba, kenaka uzichepetsa momwemo potsika.

Kumudzi kwathu munthu akafuna njerwa sayamba kuumba imodziimodzi ndi zikhatho. Amayamba wakhoma chikombole. Chikombolecho chikakhala chopotoka, njerwa zonse 5000 zidzakhala zopotoka ndipo chipupa chidzapendama. Chikakhala cholungama, zonse zidzalungama. Sindidamvepo wina akunena kalipentala wokhoma chikombole kuti ndi waulesi chifukwa chakuti njerwa zikutuluka msanga. Pulogalamu ndi chikombole. Thukuta lake limatuluka poyamba, pamene palibe akuona, ndipo anthu amangoona kufulumira kwa kumapeto n'kuyamba kudandaula.

Ndiponso njira imeneyi si yachilendo pakati pa opanga masewera enieni. M'chaka cha 1984 ophunzira awiri a ku Cambridge, David Braben ndi Ian Bell, adatulutsa sewero la m'mlengalenga lotchedwa Elite. Kompyuta yake, BBC Micro, inali ndi malo osungira a 32 KB okha, ochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni ya masiku ano. Komabe m'seweromo munali milalang'amba 8, uliwonse wa maiko 256. Adakwanitsa bwanji? Sadasunge maikowo ayi. Adasunga manambala ochepa oyambira ndi lamulo lotulutsira ena onse. Nambala yoyambira yotere amaitcha seed, ndiko kunena kuti mbewu, ndipo dzinali n'loyenera, pakuti ukadzala mbewu yomweyo umakolola dziko lomwelo. Minecraft, imene idayamba kuoneka mu 2009 ndipo ana ambiri amaidziwa, imapanga mapiri ndi mapanga ake mwa njira yomweyi. Wopanga msewu wa njinga angachitenso chimodzimodzi, koma achenjere. Akangouza kompyuta kuti isankhe y mwachisawawa pa dontho lililonse, amalandira mano a sowo, osati msewu. Zachilengedwe zimasintha mosalala: dontho lililonse limafanana pang'ono ndi loyandikana nalo. Ken Perlin wa ku America adapeza njira yopangira chisawawa chosalala chotere m'chaka cha 1983, ndipo mu 1997 adalandira nayo mphotho ya Academy Award chifukwa idathandiza opanga mafilimu. Ife ang'onoang'ono tingachite zofananako pongophatikiza ma sine atatu kapena anayi a kukula kosiyana, wina wopanga mapiri, wina zitunda, wina timabampu.

Tsopano ndifike pa mfundo ija ndidalonjeza kuvomera. Pali mtundu wina wa kupanga misewu ndi pulogalamu umene ine ndemwe sindiukonda. Munthu amatenga chithunzi chimene adajambula wina, kaya cha galimoto kaya cha nkhope ya woimba, n'kuchiponya mu pulogalamu imene adalembanso wina, ndipo pulogalamuyo imasandutsa chithunzicho kukhala timizere zikwi zambiri. Kenaka amaika dzina lake pamwamba n'kukhala chete, kudikira kuti anthu amutame kuti ali ndi dzanja labwino. Ameneyu sadajambule, sadawerengere, sadalembe pulogalamu. Iye uja adakhala milungu yambiri akujambula masamba a mtengo limodzilimodzi akaona zimenezi mtima umamupweteka, ndipo ali ndi chifukwa. Kuwonjezera apo misewu yotere imalemera kwambiri, kotero kuti pa makompyuta ngati athuwa imayenda modukizaduka, ndipo nthawi zambiri ilibe n'poyenda pomwe pabwino. Palinso ena amene, poona kuti batani limodzi likutulutsa msewu, amatulutsa 30 tsiku limodzi, yonse yofanana ngati mapasa, n'kukwirira ntchito yabwino ya anzawo. Anzanga akamati chinyengo, ngati akunena anthu awa, ndili nawo limodzi.

Koma taonani pamene pali cholakwa. Cholakwa n'kubisa, ndi kutenga za eni. Wokopera homuweki ya mnzake walakwa ngakhale atakopera ndi cholembera cha mtengo wapatali, ndipo sitinena kuti tilande zolembera zonse m'kalasi. Kwa ine, munthu wopanga msewu ndi pulogalamu anene poyera kuti, "Zitunda izi zapangidwa ndi pulogalamu imene ndalemba ndekha." Ngati pulogalamuyo ndi ya wina, atchule mwini wake. Ndipo asaike poyera msewu umene iye mwini sadauyende kuchokera poyambira mpaka pa nyenyezi yomaliza. Ophika amalawa ndiwo asanapereke kwa alendo. Zikatero sindikuona chimene wojambula ndi dzanja angadandaule nacho, pakuti aliyense akudziwa chimene akuyamikira: apa luso la dzanja, apa luso la mutu.

Ndivomerenso kuti dzanja lili ndi zake zimene manambala amavutika nazo. Msewu wa sine wokhawokha umatopetsa ukangodutsa chitunda chachitatu, chifukwa wokwera wadziwa kale chimene chikubwera. Wojambula ndi dzanja amadziwa kunyenga mnzake, kumuika pa mtsetse wokoma kenaka n'kumubisira bomba kuseri kwa kamtengo. Nthabwala zotere kompyuta siizidziwa. N'chifukwa chake misewu imene ndimaikonda ine ndi yosakaniza: mafupa ake, ndiye kuti zitunda, milatho ndi mikombero, apangidwe ndi pulogalamu, ndipo mnofu wake uikidwe ndi dzanja.

Nditembenukire kwa inu Abambo athu ndi makolo, amene nkhawa yanu ndi ya nthawi ndi mayeso a MSCE. Nkhawayo ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Makolo athu amagulitsa mbewu ndi ziweto kuti tikhale pano, ndipo sadatitumize kuti tidzapalase njinga ya pa galasi. Koma ndikupempha kuti musiyanitse mnyamata wongosewera ndi mnyamata wopanga. Wongosewera amadya zimene ena aphika, ndipo maola amatha osatolapo kanthu. Wopanga amakakamizika kutsegula buku la masamu popanda womuuza. Ambiri a ife timaloweza kuti sine ndi opposite kugawa ndi hypotenuse, timakhoza mayeso, ndipo pakatha mwezi taiwala, chifukwa sitidaonepo chimene sine amachita pa dziko lino. Koma amene waona sine akusanduka chitunda, naona njinga ikukanika kukwera chifukwa wakulitsa nambala imodzi, sadzaiwalanso. Ndikumbutsenso kuti njira yotchulira malo ndi x ndi y imatchedwa Cartesian potengera René Descartes, amene adasindikiza ganizo lolumikiza algebra ndi geometry m'chaka cha 1637. Bambo ameneyu adaphunzira ali mnyamata pa sukulu yogonera komweko ya ansembe a chipani cha Jesuit ku La Flèche, m'dziko la France. Choncho kanjinga kathu kakuyenda pa msewu umene adalambula mwana wa sukulu yonga yathu ino.

Chinanso chimene pulogalamu imaphunzitsa ndi kusamala pa tinthu tating'ono. Aphunzitsi a Chilatini amatiuza kuti chilembo chimodzi cha kumapeto kwa mawu chimasintha tanthauzo la chiganizo chonse, ife n'kumaona ngati akutivutitsa dala. Kompyuta ndi yolimba mtima kuposa iwo. Ukaiwala koma mmodzi, mizere iwiri yosiyana imalumikizana ndipo pakati pa msewu pamatuluka chingwe chachitali chotchinga njira. Ukaiwala # mmodzi, mitengo yako yokongoletsa imasanduka zipupa. Ukaiwala chizindikiro cha minus posandutsa nambala, theka la msewu limathawira mbali ina. Sungainyengerere kapena kuiuza kuti, "Mwamva kale chimene ndimatanthauza." Umabwerera, kuwerenga mzere ndi mzere, mpaka utapeza pamene palakwika.

Ena adzati zonsezi zimafuna intaneti, ndipo bandulo ndi yodula. Zoona, kuti uyese msewu ndi kuuika poyera pamafunika intaneti. Koma gawo lalikulu la ntchitoyi silifuna intaneti konse. Python ikangolowa m'kompyuta imagwira ntchito payokha, ndipo malemba a msewu amasungika m'kafayilo kakang'ono. Ngakhale magetsi atazima, mapulani a msewu angajambulidwe m'kope la graph ndi pensulo, manambala n'kuwerengeredwa pamanja. Kunena zoona, gawo limenelo ndilo lopindulitsa koposa.

Pempho langa tsono kwa Bambo Rector ndi aphunzitsi athu a Computer Studies ndi Masamu ndi lochepa. Mutilole ola limodzi pa mlungu m'chipinda cha makompyuta, kunja kwa nthawi ya prep, ya mapemphero ndi ya ntchito zamanja, kuti amene akufuna aphunzire zimenezi poyera, mphunzitsi ali pomwepo. Muike lamulo lakuti palibe wokhudza kompyuta asanaonetse m'kope lake chithunzi cha msewu ndi masamu ake. Amene magiredi ake atsika, muyambe mwamuimitsa. Anyamata a Fomu 1 angayambe ndi mizere yowongoka ndi kusandutsa manambala, a Fomu 3 ndi 4 n'kutenga za sine ndi parabola, ndipo odziwa kujambula, amene tili nawo ambiri pano, n'kumaika mitengo ndi nyumba. Kwa makolo, mwana wanu akakhala pa kompyuta nthawi ya tchuthi, musanamukalipire yambani mwamufunsa kuti, "Tandionetsa chimene wapanga." Yankho lake lidzakuuzani msanga ngati ali wongodya kapena wophika.

Kwa anzanga amene mukukayikabe, nayi ntchito yoti muyese ndi pensulo yokha. Tengani malemba awa: -18 1i 18 1i v8 34##. Madontho awiri oyamba mwawadziwa kale, ndipo v8 ndakuuzani. Pezani 34 mu manambala athu a masiku onse, mujambule madontho atatuwo m'kope la graph, ndipo mundiuze ngati njinga ikachoka pa kamzere koyambira idzakwera chikweza kapena idzatsetsereka. Musaiwale kumene y amalowera pa galasi la kompyuta. Mukandipeza ku refectory tikatha chakudya chamadzulo.